Chipsera pa Wotchi Yosakandika

Inu ana anga, ndatopa nako kunong'onezana kwanu pakhonde za wotchi yanga. Khutu limodzi linafa, koma linalo limamva bwino. Tereza akuti ndi yake chifukwa ndiye woyamba kubadwa, Dominiko akuti wotchi ya mwamuna imapita kwa mwamuna. Ndamvanso kuti munakafunsa kale kwa wokonza mawotchi ku Ndola, ndipo anakuuzani kuti ikanakhala chinthu chamtengo wapatali pakanapanda chipsera chili m'mbalimo. Ndiye mumafunsana kuti mdala anaikanda bwanji wotchi imene siikandika. Khalani pansi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2 ku misheni, cholembera chimandilemera kuposa hamala, koma nkhani iyi ndilemba ndekha, chifukwa ndikapatsa munthu kuti andilembere aithira shuga.

1955, Kitwe

Za ubwana sindinena, aliyense anakhalapo mwana. Ndinafika ku Kitwe pa lole kuchokera ku Fort Jameson, kumene tsopano mukuti Chipata, ndili ndi bulangete limodzi ndi mawu angawa. Pa geti la mgodi tinali khamu. Kalaliki akaitana dzina, anzanga ankayankha ngati odwala malungo. Ine nditamva kuti Fabiano Zulu, ndinayankha mpaka mzungu wa mu ofesi anasuzumira pa windo. Anandilemba tsiku lomwelo.

Ntchito yanga yoyamba inali pansi, yonyamula majombolo. Jombolo ndi chitsulo chachitali chimene makina amaboolera mwala kuti aikemo zophulitsira. Kumutu kwake kuli kachitsulo kotuwa, kolemera, kolimba kuposa chitsulo chilichonse mukuchidziwa inu. Azungu ankati tangisiteni, ife tinkangoti dzino. Dzino likabuntha, jombolo limakwera kumtunda kukanoledwa, kenako limatsikanso. Popanda dzino lakuthwa palibe dzenje, popanda dzenje palibe kopa. Ndinanyamula zitsulo zimenezo zaka zitatu, mpaka phokoso la makina linandiphera khutu lamanzere, ndipo anandikweza kumtunda.

1958, shopu yonolera

Shopu inali chishedi cha malata, chachitali, chokhala ndi khomo limodzi. M'katimo munali mawilo sikisi, munthu aliyense lake. Mwala wamba sulitha dzino, umangodyeka wokha. Ife tinkanolera mwala wobiriwira, ndipo pa wilo lililonse panali kapaipi kothira madzi osalekeza, ochokera ku pampu imodzi imene inali kuseri. Madziwo ankatsika ngati phala lotuwa n'kumapita mu ngalande.

Mkulu wa shopu anali mzungu wa kumwera, wofiira khosi. Tinkamutcha Bwana Minitsi, chifukwa ankaima kumbuyo kwa munthu maso ali pa wotchi: jombolo limodzi, maminitsi atatu. Sanali wachifundo, koma ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingamunamizire. Sabata yanga yoyamba ndinatseka kapaipi kanga chifukwa madzi ankandibisira pamene ndikunola. Anabwera, anatsegula, anandigwira pa kolala n'kunena m'Chikabanga, chilankhulo chosakaniza cha pa mgodi:

"Madziwa si a mwala. Ndi a chifuwa chako. Fumbi la dzino likalowa silituluka."

Mawu amenewa muwasunge, ana anga. Ndawalemba pano kuti wina asadzanene kuti bambo wathu sankadziwa.

Wilo la pakona, kutali ndi khomo, linali la Mwansa. Anali Mubemba wa ku Kasama, wamtali, woonda, wa manja ofatsa. Ponola panalibe womuposa, ngakhale ineyo, ndipo mukudziwa kuti mawu otere satuluka msanga pakamwa panga. Tsiku loyamba atangomva kuti ndine Mngoni anakuwa kuti anthu abise misampha, kwabwera wodya mbewa. Ndinamuyankha kuti n'chifukwa chake sindinaone nyani ngakhale mmodzi panjira yonse, Abemba anamaliza. Shopu yonse inaseka, ndipo kuyambira pamenepo anali mbuya wanga.

Inu obadwira m'tauni chimbuya mumachiona ngati masewera. Makolo a Angoni ndi a Abemba anamenyana kale, palibe anagonja, ndiye anasiya mikondo n'kutenga pakamwa. Mbuya wako umamutukwana popanda mlandu. Koma ntchito yake yeniyeni ili pa maliro. Mubemba akamwalira, ife ndi amene timakumba manda, timanyamula bokosi, timapaka ofedwa ufa kumaso, timanena zoseketsa kuti kulira kusaphe amoyo. Ndipo pa manda mbuya akhoza kunena chilichonse, ngakhale chimene abale akuopa kuchitchula, palibe angamutseke pakamwa. Ku Chamboli, komboni ya mgodi kumene tinkakhala, kunalibe maliro a Mubemba amene ankayamba Zulu asanafike. Ankachita kunditumira uthenga ku ntchito.

Nyumba ya Mwansa inali yachitatu kuchokera pa yathu. Mkazi wake, bana Chanda, ndiko kuti mayi wa Chanda m'Chibemba, ndi amayi anu ankaimba limodzi kutchalitchi, ndipo ndi iyeyo anakhala ndi amayi anu tsiku limene Tereza anabadwa.

1963, wotchi ifika

Chaka chimenecho Bwana Minitsi anapita ku tchuthi kutsidya kwa nyanja, anabwerako ndi wotchi yatsopano. Sindinaonepo chinthu chotere. Inali yotakata, yooneka ngati dzira, yonyezimira mwakuda ngati madzi a mu dramu. Inalibe batire, ndipo sankaipukusa. Inkadya kugwedezeka kwa mkono: ukamagwira ntchito nayonso imayenda, ukaivula masiku awiri imaima. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali chikombole chake. Ankati mawotchi onse a golide ndi a siliva amakalamba nkhope, koma iyi siikandika mpaka kalekale.

Pa nthawi ya tiyi ankatambasula mkono n'kupatsa munthu tupa kuti ayese. Tupa ankangoterereka. Anayesa msomali, mpeni, lumo la hakiso yodulira zitsulo, osasiya ngakhale kamzere. Anthu anayamba kunena kuti ili ndi mankhwala. Ine ndinaiyang'ana mtundu wake, ndinapempha kuti ndiimve kulemera, ndipo ndinaseka mpaka malata anayankha. Ndinati anthu inu, chimene mukuopa n'chiyani, ili ndi dzino, dzino lomweli timanola tsiku ndi tsiku, angolipukuta. Ndinati bwana, bweretsani kuno ku mwala wobiriwira, tione ngati siikandika. Anandilanda msangamsanga n'kuibweza pa mkono, khosi lija litafiira kuposa kale. Masewera a tupa anathera pomwepo. Mwansa anandinong'oneza kuti mbuya, mzungu wavala ntchito yathu pa mkono, ife tikuvala m'mphuno.

Kuyambira tsiku limenelo Minitsi anandida ndiponso anandiwerengera. Ine wotchiyo inandilowa mumtima. Ndikamanola, diso limodzi linkakhala pa mkono wake.

1964 mpaka 1966

Ufulu unabwera. Tinavina mu Chamboli mpaka nsapato zinatha, ine ndi Mwansa titakolekerana manja m'khosi, iye akuti dziko lapita kwa odya anyani, ine ndikuti dikirani muone. Kopa anali pa mtengo, mgodi unkafuna majombolo ochuluka kuposa kale, ndipo tinayamba kumva kuti ntchito za azungu zipita kwa eni dziko.

Mu 1966 Minitsi anati akubwerera kwawo. Akuluakulu anasankha ine kukhala mkulu wa shopu. Panali kudandaula, chifukwa analipo anthu a sukulu, ndipo ine dzina langa lokha ndi limene ndinkatha kulemba bwino. Anandipatsa kalaliki woti azindilembera mapepala. Tsiku lotsanzikana Minitsi anatisonkhanitsa tonse. Ndinkayesa atipatsa moni. Koma anavula wotchi ija, anaiika pa tebulo, ananena kuti shopu iyi m'manja mwa munthu wakuda ifa miyezi sikisi isanathe. Anati akundisiyira wotchiyo kuti ndidzaone bwino nthawi imene idzafere. Ngati chiwerengero cha majombolo sichitsika chaka chathunthu, wotchi ndi yanga. Chikangotsika mwezi umodzi, ndikaipereke kwa mkulu wa sitolo, mnzake, amene adzamutumizire.

Ndinaitenga pamaso pa onse, ndinaivala, ndinamuuza kuti akagule ina, iyi wailira kale. Anthu anaomba m'manja. Inali yolemera pa mkono, yozizira. Madzulo amenewo amayi anu anaiika pa khutu n'kunena kuti ikuthamanga ngati mtima wa nkhuku, ndipo sanaikonde.

Miyezi itatu yoyamba tinapitirira ngakhale chiwerengero cha Minitsi. Ndinkaima kumbuyo kwa anthu monga ankaimira iye. Anayamba kunditcha Minitsi Wakuda, ine n'kumakondwa nalo dzinalo.

Mwezi wachinayi pampu inafa. Makaniko anaitsegula, anati chitsulo cha m'kati chadyeka, pafunika china. Nthawi imeneyo njira ya kumwera inali itavuta, petulo ankapimira, katundu ankabwera pa malole kudzera msewu wautali wa ku Tanzania, wina n'kumathera m'matope. Ku sitolo anati dikirani, mwina mwezi, mwina chaka. Mkulu wa sitolo uja ponena zimenezi ankayang'ana pa mkono wanga akumwetulira.

Mwansa ndiye anapeza nzeru. Anati tikweze madramu padenga, tilumikize ku mapaipi, tizithira madzi ndi zidebe. Tinayesa masiku awiri. Madzi ankafika ndithu, koma dzino silifuna madzi a apa ndi apo, likatentha n'kuzizira mwadzidzidzi limang'ambika, ndiye dramu likatha tonse tinkaima mpaka lidzazidwe. Jombolo limodzi linkatenga maminitsi asanu. Kunja majombolo obuntha anaunjikana, a pansi anayamba kutumiza mauthenga aukali, ndipo ndinamva kalaliki wanga akuuza mnzake kuti Minitsi ananena.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinalamula kuti madramu atsike, tinola pouma. Ndinagawa nsalu zomanga pamphuno. Anthu anayang'anana, koma amene analankhula ndi Mwansa yekha.

"Mbuya, mbewa zakukwera m'mutu? Waiwala zimene anakuuza mzungu wako?"

"Mzungu anapita. Ndi milungu yochepa chabe."

"Milungu yochepa ya wotchi kapena ya anthu?"

Ndinamuuza kuti pa ntchito palibe chimbuya, abwerere ku wilo lake. Anamanga nsalu, anapita.

Fumbi la dzino si la mumsewu. Ndi losalala ngati ufa wosefa, lotuwa, ndipo pa lilime limamveka ngati wanyambita ndalama yachitsulo. Dzuwa likalowa pa zibowo za malata unkaliona likuyandama, osatsika. Pofika masana munthu wa pakhomo sankamuona bwino wa pakona. Nsalu zija zinkada ola limodzi lisanathe. Anthu ankalavula zakuda. Ine tebulo langa linali pakhomo, pamene mphepo imalowera. Wilo la Mwansa linali kuja ndakuuzani. Ndikanatha kumusuntha, koma wilo la pakona ndi limene linali labwino, ndipo iye pa wilo limenelo ankanditulutsira majombolo a anthu awiri.

Chiwerengero sichinatsike. Chinakwera, chifukwa popanda madzi munthu amaona bwino pamene akunola. Akuluakulu anandiitana ku ofesi, anandigwira chanza, anati ndine chitsanzo. Mwansa anayamba kutsokomola mwezi wachitatu wa fumbi. Lamlungu ankakhala bwinoko, pofika Lachitatu chifuwa chake chinkalira ngati mluzu. Popita kunyumba pa njinga anayamba kutsika pa kachitunda kamene kale tinkapikisanapo. Ndinkamuseka kuti nyani wakalamba, iye n'kumaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

Tsopano ndafika pamene cholembera chikulemera. Zimene ndanenazi ena amazidziwa, ndipo munthu akhoza kunena kuti inali nthawi yosowa zinthu, Zulu akanatani. Zotsatirazi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anu, ngakhale bambo mfumu poulula machimo.

Mwezi wachisanu ndi chinayi chitsulo cha pampu chinafika. Anachibweretsa m'bokosi lamatabwa, ndinasaina F. Zulu. Makaniko anaona mapaipi n'kunena kuti atsekeka ndi dzimbiri ndi matope ouma, afunika kuwamasula onse pansi pa mawilo, ndiye shopu iime masiku asanu. Masiku asanu akanagwetsa chiwerengero cha mwezi umenewo. Kunatsala miyezi itatu kuti chaka chikwane. Ndinauza makaniko kuti ndidzamuitana ntchito ikachepa. Iye anali ndi mapampu ambiri omudikira pansi, sanabwerenso. Bokosilo ndinalikankhira kunsi kwa tebulo langa, ndinalifunda saka.

Patapita masiku angapo, poweruka, anthu atatuluka, Mwansa anaima pa tebulo langa akumasula nsalu yake. Nkhope yonse inali yotuwa, kupatula pamene panali nsalu. Anagunda sakalo ndi nsapato.

"Umu muli chiyani, mbuya? Mbewa zouma?"

"Za ku sitolo."

"Za ku sitolo zolembedwa nambala ya pampu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti nthawi ili bwanji. Ndinamuuza kuti foro koloko yadutsa ndi maminitsi khumi. Anati ikuyenda bwino wotchi yako. Anati sakauza munthu, chifukwa Mubemba sakaneneza mbuya wake kwa akuluakulu, ndiponso nayenso sakufuna kuti Minitsi aseke. Koma ndikangoiwina, ndiwapatse madzi.

Anapuma fumbi miyezi ina itatu, madzi ake ali kunsi kwa tebulo langa, pafupi ndi mapazi anga.

1967

Chaka chinakwana. Ndinapita ku sitolo, ndinaika mkono pa kauntala, ndinauza mzungu uja kuti alembere mnzake kuti shopu ikupuma. Mawu anga anamveka mpaka ku geti. Ndinagula mowa wa shopu yonse. Sabata yotsatira ndinatulutsa bokosi, ndinati langofika kumene, makaniko anakonza, madzi anabwerera pa mawilo. Anzake ena chifuwa chinawasiya pang'onopang'ono. Mwansa sichinamusiye.

1969, Ndola

Mbiri yanga inandikweza. Ananditumiza ku Ndola, ku wekishopu yaikulu yomatira mano atsopano pa majombolo, anthu makumi awiri pansi panga. Tinalowa nyumba ya magetsi. Loweruka ndinkadutsa ku Northrise, dera la azungu, nditapinda malaya kuti mkono uoneke, ndipo azungu enieni ankandiimitsa kufunsa kumene ndinaipeza wotchi yotere. Kumeneko pa ntchito madzi sanaimepo ngakhale ola limodzi. Pampu ikangotsokomola ndinkatseka mawilo onse. Anthu ankati Zulu ndi bambo wosamala anthu ake.

Chaka chomwecho Mwansa anamuchotsa ntchito chifukwa cha matenda. Nyumba ya mgodi anatuluka, anakakhala kwa mkulu wake m'komboni ina ya ku Kitwe, iye, mkazi wake ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Chanda. Kuchipatala anati si matenda a mwala, popeza munthuyu sanagwirepo pansi. Anamupatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, osathandiza. Ndiye abale anayamba kufunsana kuti matenda osaoneka kwa dokotala achokera kuti. Anthu asanu ndi mmodzi anali m'shopu imodzi, bwanji wathu yekha? Anapita kwa sing'anga, ndipo anabwerako maso ali pa bana Chanda. Anati mkazi wa mwana mmodzi, wafuna kutsala ndi katundu, wamudyetsa. Zonsezi ndinkazimva kwa amayi anu, amene ankapita kukamuona. Ine ndinkati ntchito yachuluka.

1971

Mwansa anachita kunditumira uthenga. Ndinakwera basi Lamlungu titatuluka Misa. Ndinamupeza pa mpando kuseri kwa nyumba, atawerama, zigongono pa mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Nsonga za zala zake zinali zitatupa ngati timitu ta zibonga. Analankhula mawu awiri awiri, akupuma pakati. Anati wodya mbewa wanenepa. Ndinati nyani watha ubweya. Anapempha wotchi. Ndinamuveka, inatsetsereka mpaka pa chigongono. Anaiika pa khutu, anamvetsera, anati pa mkono wake ingaime, chifukwa iye sagwedezekanso. Bana Chanda anatibweretsera tiyi n'kukakhala patali pang'ono, pa mphasa, atatifulatira.

Kenako anandibwezera wotchi n'kundigwira dzanja.

"Mbuya, ine sindikukuimba mlandu. Ndinaliona bokosi, ndinakhala chete, nanenso ndinafuna tiwine. Koma mkazi uyu amupha nazo. Ine ndanena, akuti wandilodza mpaka pakamwa. Anzathu a ku shopu alibe mawu pa nkhani ya banja. Pa manda iwe ndiwe mwini pakamwa. Ukanene za fumbi, ukanene za bokosi. Mawu uli nawo, amve mpaka ku Kasama."

Ndinalonjeza. Ndinagwira pachifuwa panga, ndinatchula dzina la Mulungu.

Anamwalira patapita milungu itatu. Ndinafika m'mamawa ndi Angoni anzanga, tinakumba manda, ine ndinalowa m'dzenje ndekha mpaka linakwana. Tinanyamula bokosi, linali lopepuka. Anthu anali ambiri: abale ochokera ku Kasama, a kutchalitchi, a ku shopu, ndi akuluakulu awiri a ku mgodi, anthu akuda anzathu ovala masuti, amene atandiona anandipatsa moni wa ulemu n'kuuza anzawo kuti uyu ndiye Zulu uja. Njira yonse ndinkabwereza mawu mumtima. Ndinali nditawakonza bwino.

Titakwirira, malume wake wa Mwansa anaima. Sanatchule dzina. Anangoti imfa iyi si ya Mulungu, njoka yaluma mwana wathu si ya kutchire, ndi ya m'nyumba. Amayi ena anayamba kung'ung'udza akuyang'ana kumene kunakhala bana Chanda, Chanda ali pa miyendo pake. Kenako panakhala bata lija limene aliyense amadziwa kuti ndi la mbuya. Anthu anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi mbale ya ufa m'manja. Ndinaima pa mulu wa dothi. Ndinaona masuti aja. Ndinaona anthu anga a ku shopu, amene ankakhulupirira kuti bokosi linafika chaka chitakwana. Dzuwa linali pa wotchi.

Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinati lero anyani a ku Kasama agona tulo, mdani wawo wapita.

Anthu anaseka. Anaseka kwambiri, ena akupukuta misozi. Ndinapitiriza, ina pamwamba pa inzake, sindinaseketsepo anthu ngati tsiku limenelo. Ndinatsika pa mulu n'kuyamba kupaka ofedwa ufa, malume uja, mkulu wake, alongo ake. Nditafika pa bana Chanda sanabise nkhope monga amachitira ena. Anaitukula. Ndinamupaka pamphumi ndi m'masaya, anatuwa monga ankatuwira mwamuna wake poweruka. Analankhula motsitsa, moti ndinamva ndi khutu limodzi lomweli:

"Ba Zulu, ndi zokhazi anakutumani?"

Ndinapita pa munthu wotsatira.

Mwezi usanathe abale a Mwansa anamulanda bana Chanda zonse, mpaka mapoto ndi makina osokera. Chanda anamutenga abale a bambo wake, anati asakule ndi mfiti. Bana Chanda anapita kwawo ku Luapula. Amayi anu anamulembera kawiri, sanayankhe. Tinamva patapita zaka kuti anamwalira komweko, mwana wake asanamuonenso.

Lolemba la pambuyo pa maliro ndinafika ku wekishopu ku Ndola, ndinachotsa munthu pa wilo, ndinavula wotchi. Ndinati ndiipere mpaka ithe, isanduke fumbi ngati linzake. Ndinaigunditsa pa mwala wobiriwira. Inalira kamodzi, kamoto kofiira kanatuluka. Ndipo dzanja langa linabwerera lokha. Ndinaipukuta pa malaya, ndinaiika pa khutu, inali ikuyenda. Ndinaivala. Chipsera mukufunsacho n'chimenecho. Chiyezeni, sichifika ngakhale utali wa njere ya mpunga.

Tsopano

Ndinagwira ntchito mpaka penshoni, palibe tsiku anandilembapo mlandu. Pa maliro a Abemba ndinapitiriza kuitanidwa. Wotchi yayenda zaka zonsezi, kupatula kawiri pamene anaitsuka m'kati, ndipo nkhope yake ikadali monga tsiku limene Minitsi anaiika pa tebulo. Masiku ano imaimaima, chifukwa mkono wanga sukugwedezeka mokwanira.

Chanda ali moyo. Ndi gogo tsopano, amagulitsa pa msika wa ku Chamboli, mzere wa tomato, ndipo ndi wamtali ngati bambo wake. Mpaka lero amakhulupirira kuti amayi ake ndi amene anapha bambo wake. Musandifunse chifukwa chake sindinapite ndekha. Ndinapita kawiri. Kawiri konse ananditcha wodya mbewa, ndinamutcha mwana wa nyani, tinaseka, ndinagula tomato n'kubwerera.

Ndiye lekani kukangana. Wotchi si ya Tereza, si ya Dominiko. Musadikire maliro anga, chifukwa pa maliro anga padzakhala Abemba ndi ufa wawo, mudzaseka, mudzaiwala. Mupite Loweruka likubwerali, nonse awiri. Mukamupemphe achoke pa msika, mukakhale naye pansi kunyumba kwake, aitane ana ake. Wotchi mukaike m'manja mwake. Akafuna agulitse, akafuna aponye mu mtsinje wa Kafue, musamuuze chochita. Akatukwana musayankhe, akafuna kubwera kuno mumubweretse, andipeza pakhonde. Kenako mutsegule bukuli.

Dominiko, iwe ndiwe unatengera mawu anga. Uwerenge ndiwe, mokweza, osadumpha za bokosi. Ndipo usayambe ndi nthabwala.